Mwala Umene Unamwa Tiyi

A Fabiano Naphiyo anabadwira kukomboni ya esiteti ya tiyi, m'nyumba zamzere zija zoti munthu akatsokomola kumapeto kuno, wakumapeto uko ndiye amafunsa ngati wamwa mankhwala. Bambo awo anachita kuwoloka Ruo wapansi kuchokera kwa Apwitikizi pothawa chibalo, ndipo atafika kuno ku Thyolo anapeza chibalo china, kungoti cha kuno chinkapereka mchere ndi nyemba. Chilomwe a Fabiano anachita kuyamwira, Chinyanja anatolera pabwalo. Chingerezi chawo chinali cha kukhitchini, chokwanira kumva zimene bwana akufuna koma chosakwanira kumuyankha.

Sukulu sanapite nayo patali. Anayamba ndi kuthirira mbande kunazale, kenako anawapatsa dengu. Koma kuthyola tiyi sikunawayanje. Anzawo ankathyola ndi manja onse awiri, iwo ankagwira nsonga iliyonse mwaulemu ngati akuipempha chilolezo, moti pokayeza masamba dengu lawo ndilo linkaseketsa anthu. Kapitawo wina atatopa nawo anawatumiza kukatsuka mapoto kunyumba ya manijala. Iye ankati akuwalanga, osadziwa kuti akuwapatsa ntchito ya moyo wawo wonse. Mabwana ankabwera n'kumapita, poyamba azungu, kenako anzathu akuda a matayi, koma a Fabiano ankatsalira limodzi ndi mbaula ndi kabati ya mbale. Anaphunzira kuphika buledi, kusita nsalu zapatebulo, kuwiritsa madzi alionse asanampatse munthu, ndi kuima m'chipinda chodzaza anthu popanda wowaona. Chomalizachi ndicho anachidziwa kopambana.

Anakwatira a Esnat kwa Nchilamwela, m'mudzi umene minda yake imathera pomwe mizere ya tiyi imayambira. A Esnat ndiwo anali katswiri wa dengu. Ankatsiriza mzere anzawo akadali pakati, uku akuyimba, uku akujeda kapitawo, ndipo m'dengu mwawo simunkapezeka tsamba lokhwima. Njoka ikabisala m'tiyi, woyamba kuiona ankakhala iwowo. Pakamwanso panali pakuthwa. Anthu ankadabwa kuti mkazi wa moto chotere anapezamo chiyani mwa mwamuna wozizira ngati a Fabiano, koma banjalo linakhala, n'kubereka ana, wamkulu dzina lake Tione.

Tsono kwathu kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi. Nyumba a Fabiano anamanga okha, mapeyala anabzala okha, koma zonsezo zinali panthaka ya a Esnat, ndipo mawu omaliza pa za ana anali a alamu awo a Douglas, alongo a a Esnat. Izi ndikuzidziwa bwino chifukwa inenso ndine mkamwini m'mudzi womwewo, ndimakonza njinga pamphambano yopita kufakitale. Amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. A Fabiano sanaterereke, anakhazikika ndithu, koma anakhala monga ankakhalira kwa mabwana kuja. Mlendo akawapeza pakhonde ankawapatsa moni, kenako n'kuwafunsa kuti, "Eni khomo alipo?" Pokambirana za maliro kapena za chinkhoswe, iwo ntchito yawo inali kukabwereka mipando. Ine sindinawamvepo akudandaula. Amene zinkawapweteka ndi a Esnat, ndipo nthawi zina ankamuyankha mlendoyo mokalipa kuti eni khomo ndi amene wawapitirirawo.

Mwala umene ndikufuna kukusimbiraniwu unabwera chakumapeto kwa ntchito yawo. Bwana womaliza, a Cuthbert, anapita kumsonkhano wa zatiyi kunja, ndipo pobwerera ndege inaima ku Ethiopia. Kumeneko anagulira akazi awo, a Maud, unyolo wasiliva wokhala ndi kamwala kamodzi. Kukula kwake kanali ngati njere ya kalongonda, mtundu wake ngati madzi otsukira mpunga, koma ukakatembenuza padzuwa mkati mwake munkayaka zobiriwira, zofiira ndi zabuluu, n'kumasunthasuntha. Dzina la mwalawo ndi opalo. A Maud sanauvale nthawi yaitali. M'mwezi womwewo jenereta inapsa, galu analumidwa ndi njoka, iwo eni anaterereka m'bafa n'kuthyoka mkono. Mnzawo wina wa ku Blantyre atabwera kudzawazonda, anangoona pakhosipo n'kugwira pakamwa. Anati azungu amanena kuti opalo ndi mwala wa tsoka.

A Maud anali mayi wa mpingo, ndipo ankanenetsa kuti za tsoka la miyala sakhulupirira. Komabe anamasula kamwalako, unyolo n'kusunga, kenako n'kuitana a Fabiano.

"Madala, mwatitumikira bwino. Katengeni aka, kakhale chikumbutso chanu mukapuma pantchito."

Anthu olemera sataya tsoka kudzala, amapatsa wantchito. A Fabiano anali atamva zonse zimene mlendo uja ananena, poti anali pomwepo akuthira tiyi m'makapu, koma analandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Anadzandiuza pambuyo pake kuti tsoka la madona ndi lina, la anthu ngati ife ndi linanso. Iwo analibe jenereta, analibe galu, ndipo bafa lawo linali laudzu.

Atapuma pantchito masiku anawatalikira. Ankabwera pamphambano panga kudzakhala pabenchi, mwalawo uli m'kathumba kamene a Esnat anawasokera, n'kumaonetsa anthu odikira njinga. Pofika nthawiyo anali atauzindikira makhalidwe ake. Ukauika palilime unkamata. Ukausiya m'madzi unkamwa, mitundu ija n'kuzimiririka, n'kusanduka ngati chidutswa cha botolo. Ukauma, pakatha masiku, moto uja unkabwerera mwakale. Anthu ankati mwala womwa madzi, wofa n'kuuka, sungakhale mwala wamba.

Tsiku lina kunabwera aphunzitsi a Lusayo, Mnkhonde wa ku Karonga amene boma linamuponya pasukulu yathu. Njinga yawo inali itaponcha. Ataona mwalawo anatulutsa foni.

"Madala, mukudziwa chimene mwanyamulachi?"

"Ndikudziwa kuti ndi changa. Zinazo mundiuze ndinu."

Ine ndikumata chubu, aphunzitsi anali kuwerenga ndi kumasulira. Akuti Aroma akale ankaulemekeza kwambiri mwala umenewu chifukwa mitundu ya miyala ina yonse yamtengo wapatali inasonkhana mwa umodziwu, ndipo ankati ndi mwala wa chiyembekezo. Aluya ankati umagwa kuchokera kumwamba pamodzi ndi mphezi. Ku Australia, komwe miyala yotere imakumbidwa yambiri, eni dziko ena amasimba kuti inamera pamene utawaleza unaponda pansi. Za tsoka zija akuti zinakula mochedwa, azungu atawerenga buku lina la nthano n'kuyamba kuchita mantha. Apa ine ndinaseka, poti kani ophunzira nawonso amaopa nthano, bola ikhale yolembedwa. Koma kale kwambiri, anapitiriza aphunzitsi, azungu omwewo ankautcha mwala wa maso. Ankakhulupirira kuti umachiza maso odwala ndi kunola ofooka, ndipo akuba ankaukulunga m'tsamba poganiza kuti akatero saoneka.

"Za akubazo zisiyeni, aphunzitsi," anatero a Fabiano. "Ine kusaoneka ndinakutha kalekale popanda mwala. Bwerezani za maso zija."

Aphunzitsi anabwereza, n'kuwonjezera kuti, "Koma izi ndi zikhulupiriro chabe, madala. Musakazitengere pamtima." Anakwera njinga yawo n'kumapita. Khutu limasankha zoti lisunge, ndipo la a Fabiano linali litasankha kale.

Chaka chimenecho kunabuka nthenda ya maso ofiira. Woyamba kufika pakhomo pawo anali Gracious, wopopera mankhwala m'tiyi, maso ali psu, manthongo atamata zikope. Anali pamphambano tsiku la aphunzitsi lija, ndipo anati ayesere. A Fabiano anachita monga munthu wa kukhitchini ya mabwana. Anawiritsa madzi, n'kuwasiya kuti azizire. Anaviika mwala pang'ono m'kapu yotsuka bwino, n'kumusukusula ndi kansalu koyera kowiritsa, kenako n'kumugoneka mwalawo pazikope. Sabata isanathe Gracious anali atabwerera kuntchito. Ine maso ofiira ndawaona akupola okha kwa anthu amene alibe mwala, ndipo madzi owiritsa ndi nsalu yoyera sizinamulakwirepo munthu. Koma wochira ndiye amakhala ndi pakamwa pakulu, ndipo Gracious anasimbira komboni yonse.

Anthu anayamba kubwera. Ankachokera kumakomboni, ena kwa Kapichi, ndipo amayi ogulitsa nthochi a ku Masambanjati anatengera mbiriyo kwawo n'kubwerera ndi azibale awo. A Fabiano sankatchula mtengo. Wofuna ankasiya chipeso cha nthochi, chinangwa kapena nandolo, wopanda kanthu ankangothokoza. Chimene iwo ankadya kwenikweni sichinali nthochi. Munthu akafika kuseri kwa mpanda ankati, "Odi, a Naphiyo alipo?" Ngakhale a Douglas omwe, pamaliro ena, anauza mwana wawo kuti akatengere alamu awo a Fabiano mpando. Munthu wamkulu uja anayamba kuyenda chowongoka, n'kumayankhulako pagulu. Zinkandiseketsa, koma sindiname, zinkandisangalatsanso, poti mkamwini mnzako akakhala pampando umaona ngati wakhalapo ndiwe.

Wosangalala koposa anali a Esnat. Bwalo ankalisesa m'mawa ndi masana. Ankakhala pakhonde n'kumalandira anthu mwamatama, kuyamba ndi moni wa Chilomwe: "Mosheliwa? Alipo, dikirani pamthunzipo, akusamba m'manja." Dona wa manijala sakanawaposa.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti maso a a Esnat anali atayamba kale kutha. Dengu anasiya amuna awo asanapume, n'kumanamizira msana. Zoona zake, dziko linkawatsekekera kuchokera m'mbali, ngati munthu amene akusuzumira m'paipi. Kutsogolo ankaona, koma nkhuku ikadutsa chapambali sankaiona, ndipo phewa linkagunda felemu ya chitseko. Masowo sankapweteka, sankafiira, sankatuluka misozi. Atawauza amuna awo kuti akuona chifunga, a Fabiano anawaika patsogolo pa odwala onse. M'mawa uliwonse ankawasukusula ndi madzi a mwala, kenako n'kuwaikira mwalawo m'dzanja kuti aziyang'ana moto uli mkatimo, poti maso anoleke.

Tsiku lina mayi wina wokayika, amene anabwera ndi apongozi ake, anafunsa pagulu ngati kamwalako kamathandizadi. A Esnat sanadikire kuti amuna awo ayankhe.

"Umboni ndine. Ndinkaona chifunga ine, lero ndikulowetsa ulusi pasingano ndekha."

Mawu amenewo anayenda kutali kuposa a Gracious. Anawamanganso a Esnat miyendo, chifukwa kuchokera tsiku limenelo dzina la amuna awo linatsamira pa maso awo.

Faith, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, ndiye yekha anazindikira. Anawapatsa a Esnat dzanja pomwe iwo sanaliyembekezere, ndipo dzanja lawo linaphonya. Anawakokera kuseri kwa khitchini n'kuwauza kuti madokotala a maso akubwera kuchipatala cha boma, apite akawapime.

"Mwana wanga," anayankha a Esnat chapansipansi, "ndichoke pakhomo pa mwala, ndikaime pamzere wa odwala maso? Anthu akandiona adzati chiyani za abambo akowa? Akhala moyo wonse akunyamula mipando ya anzawo. Asiye akhalepo pang'ono."

Faith sanagonje, anakawauzanso a Fabiano. Iwo anakafunsa akazi awo, ndipo a Esnat anaseka n'kunena kuti atsikana a masiku ano akangovala yunifolomu amaona matenda paliponse. A Fabiano anakhulupirira, chifukwa ndi zimene ankafuna kumva. Madokotala aja anabwera, anapima amene anapita, n'kubwerera kwawo. Anadzabweranso chaka chotsatira, ndipo a Esnat tsikulo anali pakhonde akulandira alendo.

Kubisa kwake ankakutha. Nyumba ankaidziwa ndi mapazi. Alendo ankawazindikira ndi mawu, ndipo ankayamba dala ndi kuwaseleula kuti ayankhule msanga. Miyala m'nyemba ankasankha ndi zala. Kumsika anasiya kupita, akuti maondo. Popita kutchalitchi ankagwira nsonga ya chitenje cha mnzawo n'kumanena mwanthabwala kuti akuopa angathawire kumowa. Tione amakhala ku Limbe, ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo nayenso ankabwerera akuyamikira kuti amayi akali olimba. Mudzi wonse wa anthu osukusulidwa ndi madzi a mwala, palibe ndi mmodzi yemwe anaona kanthu.

Chinaulula ndi phala. M'mawa wina a Esnat akuwathirira amuna awo, phalalo linkagwera pambali pa mbale, pamkeka, ndipo iwo ankangothirabe uku akusimba nkhani. A Fabiano atawagwira dzanja, a Esnat anati diso lamanzereli ndilo likuchedwerako pang'ono masiku ano, koma lamanjali lili bwinobwino.

A Fabiano anasowa mtendere. Za chipatala sanaziganize. Anaganiza kuti mwala watopa, poti anthu ambiri akhala akutungamo mphamvu, ndipo ukufunika kuwonjezeredwa. Tsono aliyense wokulira kukomboni amadziwa kuti maso akamanyerenyesa umawatsuka ndi tiyi wozizira wopanda shuga. Amayi athu ankatero, ndipo ena akuterobe. Iwo anaona kuti ali ndi mankhwala awiri odalirika, wina wa Aroma, wina wa amayi awo, ndipo mmodzi mwa awiriwo amamwa. Sanafunse munthu. Anapeza kwa mnzawo wa kufakitale masamba a giredi yoyamba, aja amapita kunja ife osawalawa, anawaphika mpaka kuda bii, n'kuwasiya kuti azizire. Anaponyamo mwala, n'kuvundikira, n'kuusiya masiku angapo kuti umwe mpaka ukhute.

Unamwadi. Atautulutsa unali wakhofi, wopanda kuwala kulikonse. Sanade nkhawa, poti mwalawo unazolowera kufa n'kuuka. Anauika pawindo n'kumadikira. Sabata inatha, inanso n'kutha. Anautsuka m'madzi oyera, osasintha. Kenako anataya mtima n'kuuyanika palata, padzuwa la mu Okutobala, ndipo pomautenga madzulo unali utachita ming'alu. Unkaoneka ngati dzino la munthu wosuta fodya.

Anaubweretsa pamphambano mobisa, n'kudikira aphunzitsi a Lusayo akuweruka. Aphunzitsi anautembenuza, anayang'ana m'foni mwawo, n'kupukusa mutu.

"Opalo wa mtundu uwu amamwa chilichonse, madala, mafuta, inki, tiyi, ndipo sasanza. Dzuwa lija ndiye lamalizitsa. Pepani, subwereranso."

A Fabiano anabweza mwalawo m'kathumba. Kwa odwala ankati mwala ukupuma, abwere mwezi wamawa. Kwa a Esnat, amene ankadziwa za tiyi uja, ankati sunaumebe. Chimene ankaopa kwambiri sichinali anthu. Ankaopa pakamwa pa akazi awo, ndiponso ankadziimba mlandu kuti awaphera mankhwala pa nthawi imene diso lamanzere linkawafuna.

Zimene zinachitika m'mawa wotsatirawu anandisimbira ndi a Fabiano eni ake, kamodzi kokha, ndipo sanazibwerezenso. Dzuwa linali litafika pakhonde. A Esnat anali pamkeka akusenda chinangwa.

"Abambo a Tione, mwala uja uuma liti kodi? Anthu akubwerera pakhomo pano tsiku ndi tsiku. Mukufuna azikatijeda?"

A Fabiano anaona kuti bodza lawathera. Analowa m'nyumba, anatenga kathumba, n'kukhuthulira mwalawo m'dzanja la akazi awo kuti adzionere okha. Anaima chapatali pang'ono, chipewa chili m'manja, n'kumadikira mkuntho.

A Esnat anapukuta zala pachitenje. Anaukweza mwalawo kudzuwa monga ankachitira masiku onse, n'kuutembenuza pang'onopang'ono.

"Eee, koma tiyi uja waudyetsa bwino. Taonani zobiriwirazi, lero zachita kuchuluka. Ndi zofiira izi cha m'mphepetemu."

A Fabiano akuti poyamba anaganiza kuti akuwanyoza. Anawayang'ana kumaso, n'kuona kuti akumwetulira ndi mtima wonse.

"Zabuluu zilimo?" anafunsa.

"Zilimo, pansi apa. Inu simukuziona?"

Anayandikira mwakachetechete, n'kudutsitsa chipewa chija patsogolo pa nkhope ya akazi awo. Maso sanachitsate. Anachidutsitsanso. Anangokhala pansi padothi.

"Amake Tione, mwalawu unafa. Ndinaupha ine ndi tiyi uja. Ndi wakuda, wang'aluka, mulibe chilichonse m'menemo."

A Esnat anatsitsa dzanja n'kulifumbata. Nkhuku zinayamba kujompha chinangwa m'lichero iwo osazithamangitsa.

"Kani," anatero potsiriza.

"Munasiya liti kuuona?"

"Chaka cha namondwe uja anakokolola milatho. Chisanafike chimenecho ndinkaonako kadontho pakatikati."

"Ndiye m'mawa uliwonse ndinkakusukusulani, inu n'kumandiuza kuti zikuyenda?"

"Madziwo ankazizira bwino. Ndipo munkandigwira nkhope ndi manja onse awiri. Ndikanakana bwanji?"

A Fabiano analira. Anandiuza okha, osachita manyazi, kuti analira mokweza ngati pamaliro, ndipo a Esnat ndiwo ankawatontholetsa kuti anansi angamve.

Kutacha anakwera minibasi. Kuchipatala cha boma anawatumiza kwa madokotala a maso ku Blantyre, ndipo Tione anakawachingamira ku Limbe. A Fabiano anapita ndi chiyembekezo chakuti ndi ng'ala, poti anali atamva kuti ng'ala amaichotsa munthu n'kuonanso. Dokotala atapima anati si ng'ala. Anafotokoza kuti pali nthenda imene madzi a m'diso amapanikiza mtsempha wa kuseri n'kumaupha pang'onopang'ono, mosapweteka, ndipo mbali imene yafa siukanso. Diso lamanzere linali litatheratu. Lamanja linkangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Anawapatsa mankhwala odontheza oti asunge kuwala kotsalako, n'kunena mosakweza mawu kuti mankhwala omwewo, akanayamba zaka zingapo zapitazo, mwina amayiwa bwenzi akuonabe njira. Atafunsa ngati panali chimene ankagwiritsa ntchito kunyumba, a Fabiano anatulutsa kathumba kaja. Dokotalayo anayang'ana mwalawo, sanaseke, sanakalipe, anangowabwezera.

Anatsikira pamphambano panga chakumadzulo, nthawi imene othyola tiyi amakhala akuchokera koyeza masamba. Panali anthu ambiri, akabaza, amayi a madengu, ana asukulu. Tione anali atatsalira ku Limbe kuti akonze zoti adzabwere kumapeto kwa sabata. A Fabiano anatsika poyamba, a Esnat pambuyo, ndipo anaima m'mphepete mwa msewu mowongoka monga mwa masiku onse, nkhope atayang'anitsa komwe kunkachokera mawu a anthu.

Mayi wina wachilendo, mwana ali kumsana, anali atakhala pabenchi panga chiyambire masana akuwadikira. Atamuuza kuti a Naphiyo ndi awa, anathamanga n'kugwada.

"Agogo, ndachokera kutali. Mwanayu maso akumuvuta. Akuti mwala unkapuma, kaya wadzuka? Ndinamva kuti agogo aakaziwa anachira nawo."

A Fabiano anatsegula pakamwa, koma a Esnat anawatsogolera. Anayankhula ndi mawu aja ankaitanira nawo anzawo kutsidya la munda, moti akabaza anasiya kukangana.

"Mayi iwe, dzuka. Ine sindiona. Ndinasiya kalekale, ndinkakunamizani nonse. Mwanayo upite naye kuchipatala mawa m'mawa, usadikire mwala wa munthu."

Ena anayang'ana pansi, poti anali anthu omwe aja ankabwera kudzasukusulidwa. Mayi uja anadzuka, n'kukonza mbereko, n'kumapita osatsanzika.

Kenako a Esnat anatambasula dzanja m'mwamba, pamaso pa anthu onsewo, n'kumafufuza mpaka linapeza chigongono cha amuna awo. Kwathu kuno mwamuna ndi mkazi achikulire sagwirana pamsewu, koma palibe anaseka. A Fabiano ananong'ona kuti aitane wa kabaza, njirayo ndi yokwera.

"Ayi, tiyende pansi," anatero a Esnat. "Koma musandikoke, sindine mbuzi. Muzingondiuza pali ngalande, pali muzu. Kunamizira kuona kumatopetsa, abambo a Tione, kuposa dengu lodzaza. Lero ndikagona tulo."

Analowa kanjira ka pakati pa mizere ya tiyi. Kanjirako n'kopapatiza, ka munthu mmodzi, moti a Fabiano ankayenda chammbali, miyendo ikukhula m'tiyi, kuti akazi awo aponde pakati.